Mphete ya mwala wabuluu

Loweruka madzulo. Lero mtima uli mbee!

Ine ndi a Yohane, bwenzi langa, tinakwera kuphiri kwa wogulitsa miyala yamtengo wapatali kukaona mphete yachinkhoswe, ya mwala wabuluu wa safaya. Wogulitsa atatchula mtengo, a Yohane anapisa m'thumba momwe munali ndalama zomwe tikusungira malata a nyumba yathu. Ndinawaponda phazi. Pofuna kunenerera, mawu anandithawa ndi manyazi anga aja. Ndinangomatembenuza mwalawo padzuwa, kufufuza mng'alu.

"Alamu, simunaikonde? Chabwino, ndachotsako," anatero wogulitsayo.

Ine duu.

"Aaa, mundipha inu! Yankhulaniko!"

Ine duu. Anatsitsanso mtengo kawiri, thukuta lili kamukamu, mpaka tinaigula.

Mphete ndaimanga pansonga ya chitenje, ndipo malata tigulabe. Amayi amati manyazi adzandisaukitsa. Mawa akaiona...