Khadi la Bambo m'Pulasitiki

Lachinayi, Julaye. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndinakwera minibasi, zija kudziko la eni kuno amati matatu, kupita m'tauni nditatenga khadi la malemu bambo, lija la mzungu wosewera mpira wa ku Amereka wa besibo atanyamula chibonga, kumbuyo kuli malonda a fodya. Anawapatsa ndi mphunzitsi wa ku Amereka iwo ali mnyamata. Ndinkafuna kudziwa ngati ndi lakaledi.

Mayi wa shopu ya zinthu zakale atangoliona anagwira pakamwa n'kundipepesa m'chinenero cha kuno. "Pole, dada. Wachita zimenezi ndani?"

Akuti zaka za khadi amazidziwa pokhudza pepala lake, polinunkhiza ndi poyang'ana m'mphepete. Koma langali achimwene anga, a Yohane, analimata m'pulasitiki pamakina, limodzi ndi masatifiketi athu, kuopa chiswe. M'mphepetemo anadula ndi sizasi kuti liwongoke! Kulimatula, akuti inki itsalira papulasitiki. Kaya ndi lenileni, kaya ndi labodza, palibe adzadziwenso.

Ndinabwerera nditapsa mtima. Ndikungofika, achimwene aimba foni kuchokera kwathu ku Zomba, mawu ali osangalala.

"Ati chiyani, achemwali? Ndinalisamalatu ngati dzira."

"Akuti chiswe sichinalikhudze n'komwe," ndinayankha.

Sindinaname. Koma mawa aimbanso.