Mpira Womaliza wa Bambo Cornell Haskins

Kwa mayi Yvette Haskins, ana, achibale ndi onse amene maliro ano awakhudza,

Ife a Komiti ya Masewera ndi Msangulutso m'sitima yathu yonyamula ndege zankhondo tadzidzimuka ndi kusweka mtima chifukwa cha imfa ya amuna anu, bambo Cornell Haskins, amene anatisiya Lachiwiri atadwala mtima, tili pakati pa nyanja, kutali ndi doko la Norfolk kumene munkawayembekezera.

Malemuwa anali mkulu wa okonza injini, anthu amene amatha miyezi osaona dzuwa, ndipo ndi iwo amene anakakamira akuluakulu mpaka kulola kuti Lamlungu lililonse ndege zizikankhidwira pambali, papezeke bwalo la mpira woponyera m'dengu. Lamulo lawo linali limodzi: wogwetsera mpira m'nyanja, kaya ndi wophika kaya ndi woyendetsa ndege, akatsuke miphika. Timu yawo ya kuinjini inkangogonja chaka ndi chaka, koma chonamizira sankasowa. "Dengu lija linathawa, achimwene," ankatero. "Sitima inapendekeka, inu simunaone?"

Chaka chino timuyo inafika m'ndime yomaliza kwa nthawi yoyamba, ndipo iwo atagonekedwa m'chipatala cha m'sitima muno, ambiri tinafuna kuti mpikisano uimitsidwe. Mkulu wa sitima, Kaputeni Lindqvist, atapita kukawauza, anayankhidwa mosapsatira: "Bwana, mukauimitsa chifukwa cha ine, ndidzakuvutitsani kumaloto. Anthu anga atuluke kudzenje kuja, akapitidwe mphepo."

Tinawamvera. Lamlungu lotsatira imfa yawo tinasewera misozi ili m'maso, a kuinjini n'kugonjanso, ndipo sitikukayika kuti malemuwa akananamizira mafunde. Masewera atatha, Kaputeni anatenga mpirawo nauponya m'nyanja polemekeza malemuwa. Kenaka mmodzi wa okonza injini anayankhula chapansipansi: "Bwana, lamulo lija mukulidziwa." Kaputeni anavula chipewa, anapinda manja a malaya, n'kulowera kukhitchini, ndipo miphika ya m'sitima muno si yochepa.

M'malo mwa onse amene amuna anu anawaseketsa ndi kuwaiwalitsa kupukwa kwawo, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo tikupemphera kuti Mulungu akupukuteni misozi ndi kukulimbitsani m'masiku owawawa. Tawasowa kwambiri. Lamlungu likubwerali, mayi, ndege tizikankhiranso pambali.

Dolores Quintero
Wapampando, Komiti ya Masewera ndi Msangulutso