Mapilitsi Anayi a Amayi Aang'ono

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno ku Umtali tilipo. Mdzukulu wanu Esnati wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Bambo ake a Esnati akadali pantchito ya njanji, ndipo chimanga cha kuseri kwa nyumba chacha bwino.

Koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mng'ono wanu, amayi aang'ono. Chibwerereni kumaliro anu sanabwerere ku Nyasalande, maondo akuwavuta.

Mukukumbukira pogawa nkhuku munkati, "Chiwindi ndi ntchafu n'za akulu, ana inu dikirani zipalapasiro." Nanenso asipilini ndakhala ndikugawa choncho. Mwana akadwala, theka la pilitsi. Ine awiri. Amayi aang'ono anayi, poti ndi akulu. Ine ndikamwa awiriwo, mutu umaleka ndisanamalize kuchapa. Iwo anayi osawamva, maondo ali chiwawire. Ndinawonjezera lachisanu.

Lolemba anasanza zakuda ngati masamba a tiyi. Kukiliniki anamwino anandikalipira m'Chishona, koma ndinamva zonse. Akuti mayi akakalamba mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi, mimba imapyapyala, mapilitsiwa amaikanda mpaka kutuluka magazi. Akuti kuchulukitsa sikuchotsa ululu wa m'mafupa, kumangoboola m'mimba.

Amayi, pomwepo ndinakumbukira inu. Inunso munasanza zakuda mlungu womaliza uja. Inunso ndinkakupatsani anayi, nditagwada, ndi manja awiri. Tonse tinati yakupwetekani ndi mphepo ya m'mapiri akuno. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale bambo ake a Esnati. Kodi munkadziwa, n'kungokhala chete kuti ndisalire?

Tsopano amayi aang'ono andikwiyira. Akuti, "Iwe Felesiya, wandiyesa khanda? Mkulu wanga sunkamumana, ine wayamba kundimana!" Ndikawasina maondo ndi madzi otentha, amayang'ana kukhoma. Lero ndapeza kabotolo ka mapilitsi atakamanga pansonga ya nsalu yawo, sindikudziwa anawagulira ndani. Ndakatenga iwo ali kosamba. Kali m'thumba mwanga pamene ndikulembamu, ndipo ndikuwamva akuvundukula mphasa, akunditchula dzina.

Ndikulonjezani, Amayi. Andinene wamwano mpaka komboni yathu ino ya Sakubva yonse imve, sindiwabwezera. Mng'ono wanu mumudikire kaye. Ameneyu sindimutumiza kumeneko ndi manja anga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya