Chipere cha Kapitawo

Lolemba, 3 Juni

Sabata yachisanu ndi chimodzi. Chipere cha Kapitawo osatha. Chinayamba chimodzi pakhutu, lero zilipo zisanu ndi ziwiri, pamphuno, pakhosi, pamsana, kumiyendo. Galu wa wometa kumayenda ndi zigamba thupi lonse, anthu aziti chiyani.

Mkazi wanga wanena mosapsatira: "Mwana wathu akubwera ndi khanda mwezi wamawa. Galuyu akakhala asanachire, muone kokamusiya." Zaka zisanu ndi zinayi ndili naye. Ndinamutola ali kamwana, m'ngalande. Ndikamusiya kwa yani?

Lachinayi, 6 Juni

Kwa dokotala wa ziweto, kachitatu. Mapiritsi ena, sopo wina. Kumusambitsa kawiri pa sabata, thovu likhale mphindi khumi. Mphindi khumi utagwira galu wonyowa ndi chaka chathunthu. Chiguduli chake ndatentha. Khonde ndakolopa ndi jiki mpaka manja kusupuka.

Adokotala abwereza zija, zoti ndizimeta ubweya mozungulira chipere kuti mafuta azifika pakhungu. Apo pokha ndinamwetulira. Kumeta andiphunzitse ndani ine? Ndikatseka shopu ndimamukhazika pakhonde, kumumeta bwinobwino, makina n'kupukuta ndi sipiriti monga mwa masiku onse.

Lachiwiri, 11 Juni

Zitatu zauma. Ziwiri zatsopano, pomwe ndinadutsitsa makina Loweruka. Ndatopa, ndatheratu. Ndamukalipira popanda chifukwa, iye n'kubwera kudzandinyambita dzanja.

Loweruka, 22 Juni

Masiku onsewa ndikanalemba chiyani? Kusambitsa, kupaka, kudikira.

Shopu yodzaza lero. Aphunzitsi pampando, kasitomala wanga wa zaka khumi ndi chimodzi. Nditapinda khutu lawo, kuseri kuli kabwalo kofiira, m'mbali motupa, pakati pali mamba. Ndimakadziwa ngati dzina langa. Iwo akuti: "Ndi ana a kusukulu awa. Amatipatsa chilichonse kupatula ulemu." Benchi yonse kuseka.

Kenako telala wa khomo loyandikana, m'ndevu. Madzulo wokonza njinga, pankhongo. Atatu tsiku limodzi.

Lolemba, 24 Juni

Ndinalawirira kwa adokotala. Ndinafunsa mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina. Anandiyang'ana, n'kuvula magalasi. "Galuyu mumameta ndi chiyani, bambo?"

Ndinawauza.

Akuti sipiriti sapha chipere. Chimabisala m'mano a makina, m'chipeso, m'nsalu, chikhoza kukhalamo miyezi. Ndiye kuti nthawi yonseyi ndimachichotsa uku n'kukachidzala uko. Kwa galu, kwa anthu, kubwereranso kwa galu. Ndi dzanja langali. Zaka makumi awiri pa ntchito, osachekapo munthu khutu ngakhale kamodzi. Ndinakhala pansi pa sitepe ya ofesi yawo.

Lachiwiri, 25 Juni

Shopu osatsegula. Pachitseko ndalemba kuti magetsi avuta. Makina ndamasula onse, mano ndaviika mu jiki, nsalu ndawiritsa, zipeso ndi burashi kudzala. Kapitawo tsopano ali ndi sizasi yakeyake, yomanga kansalu kofiira.

Mkazi wanga ndamuuza. Anangogwira pakamwa, kenako: "Khalani chete, bambo. Chipere sichilemba dzina la mwini wake. Mukayankhula tidya chiyani?" Sakunama. Khanda likubwera, shopu ndiyo munda wathu.

Koma ndamva kwa telala kuti aphunzitsi abweza ana atatu kunyumba, ati asabwere mpaka atachira. Ana oti sanalakwe. Ndipo iwo eni akupaka mankhwala otsukira mano, osapita kuchipatala. Mulungu wanga, ndichite chiyani?

Lachisanu, 28 Juni

Ndanena.

Aphunzitsi anabwera kudzameta, ati mankhwala azilowa bwino. Pabenchi anthu anayi. Ndinawamanga nsalu pakhosi, makina m'manja, koma osayatsa. Ndinati ndikawatengere panja, pakamwa panangotseguka pompo. Zonse, galu, sipiriti, adokotala. Ndinati apite kuchipatala, ana aja awaitane.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anamasula nsalu okha, kuipinda bwinobwino, kuisiya pampando. "Zaka khumi ndi chimodzi, bambo, ndipo mutu wanga mumaumeta ndi makina a galu." Anavala chipewa. Anayi aja anatuluka mmodzimmodzi, wina ati waiwala foni kunyumba, foni ili m'manja.

Mkazi wanga sakundiyankhula.

Lachisanu, 5 Julayi

Sabata yathunthu, mitu iwiri. Onse alendo ongodutsa. Telala moni akundipatsira patali. Ndimasesa kawiri pa tsiku pansi popanda tsitsi.

Kapitawo zonse zauma. Chatsopano palibe. Pakhosi ubweya wayamba kumera, wofewa. Adokotala akuti mapiritsi apitirize masabata atatu, koma zoopsa zatha. Mkazi wanga wamuponyera fupa m'mawa, osandiyang'ana ine. Ndiye kuti galuyu akhala.

Masana aphunzitsi adutsa tsidya la msewu, opanda chipewa, ometa kumene. Mzere wa kumbuyo wokhota, khutu lakumanzere tsitsi lotsala. Aliyense amene wawameta sadziwa kuti mutu wawo uli ndi kadzenje pankhongo, umafunika kupendeketsa makina. Ndinaima pakhomo, ndinakweza dzanja, iwo n'kupitirira osacheuka.