Kiyi wa Chipinda cha Mabotolo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, mlamu wanu ndiye akuchita kunenepa ndi chimwemwe.

Paja mukudziwa kuti tonse awiri timaphunzitsa kemisitiri pa koleji yaing'ono ino, ndipo aliyense amayenera kuphunzitsa kwinaku akuchita kafukufuku wake. Chaka chino akuluakulu anati mmodzi apume kuphunzitsa kuti alimbikire kafukufuku. Anasankha iyeyo. Makalasi ake anandisenzetsa ine, moti ndimangokhalira kufotokoza za asidi kwa ana a chaka choyamba, ena oti anabwera kudzaphunzira nyimbo ndipo kemisitiri amangomumeza ngati mankhwala. Pamaso pa anthu ndinamuombera m'manja, koma mumtima ndinapsa.

Ntchito yathu njofanana. Timasungunula mankhwala m'botolo n'kuliika pashelefu kuti madzi aziuma pang'onopang'ono mpaka pansi pamere timiyala tonyezimira. Timiyalato ndi timene timatumiza kukapimidwa, ndipo popanda ito munthu ulibe cholemba. Koma tisanakhwime, botololo silifuna kugwedezedwa ngakhale pang'ono.

Langa lili pafupi ndi lake. M'lake mwayamba kumera timiyala tokongola, m'langa muli matope okhaokha. Nditadandaula anandiseka, nati vuto langa ndi loti ndikangotuluka m'kalasi ndimathamangira kukalinyamula n'kumaliyang'ana pawindo, ngati mayi wodzutsa mwana kuti aone ngati wagona. Sananame, ndiye chimene chinandiwawa kwambiri. Iye ali ndi chaka chonse chodikira, ine ndili ndi timphindi ta pakati pa makalasi.

Achemwali, ndikuchitira nsanje mkazi wanga yemwe. Manyazi akundigwira, koma ndanena.

Dzulo masana iye ali ku laibulale, ndinalowa ndekha m'chipinda chosungiramo mabotolo athu. Ndinangozindikira dzanja langa lili pa botolo lake. Kungoligwedeza kamodzi, ntchito ya miyezi yonseyi ikanathera pomwepo, ndipo iye akanangoganizira osesa m'chipinda. Chinandibweza ndi belu la kalasi, osati mtima wabwino ayi.

Madzulo anandifunsa ngati ndatopa, n'kukhala pansi kundithandiza kuchonga mayeso. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Ndiye musadabwe kuti envulopu ino ikulemera. Ndaikamo kiyi wanga wa chipindacho. Mlamu wanu ndimuuza kuti ndataya, andikalipire, palibe kanthu. Ngakhale ndikuimbireni foni n'kuchonderera kuti botolo langa likuwonongeka, musanditumizire mpaka iye mwini atakuuzani kuti timiyala take tapita kukapimidwa.

Ambuye akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, koma za kiyiyu zithere pa inu ndi ine.

Ndine mlongo wanu,
Wamabotolo