Mng'ono wanga wasankhidwa ku yunivesite, mwamuna wake andipatsa ine

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakhala kunyanja kuno ku Salima. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Ndine wamanyazi kwambiri, moti ngakhale pogulitsa usipa mayi amachita kundiyankhulira. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, poti pepala siliyang'ana munthu m'maso.

Nkhani yayambira kwa mng'ono wanga Zahra. Iyeyu mutu wake umagwira. Ali Folomu 3 kunabwera a Abdulkarim, omwe ali ndi maboti a injini, kudzamufunsira. Zahra anakana, akuti akufuna kukaphunzira udokotala. Amalume athu a Twaibu anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Udokotala? Kuchokera pa sekondale yoyendera iyi, yomwe mbuzi zimabisala mvula m'kalasi? Kumeneko amatenga ana a ku Lilongwe owerengera pa magetsi." Kenako anauza ankhoswe a mwamunayo kuti, "Musiyeni alembe mayeso mtima wake ukhale pansi. A yunivesite akamusiya, mkazi ndi wanu." Anagwirana chanza ngati nkhani yatha kale. A Abdulkarim sanadikire n'komwe. Anamanga nyumba ya malata, kupaka penti yobiriwira, mpaka kugula bedi.

Ine ndinali kumbali ya Zahra. Ntchito zake zonse ndinazitenga, kutunga madzi, kuchapa, kuyanika nsomba pa thandala, kuti iye aziwerenga. Pa swala iliyonse ndinkamupempherera. Mayeso atatuluka anakhoza kuposa onse pasukulupo. Aphunzitsi ake, Mayi Gladys, anapita naye ku boma kukalembetsa pa kompyuta. Anamuchenjeza kuti ofuna udokotala ndi ambirimbiri pomwe malo ndi ochepa, bwanji asankhe maphunziro osavuta kulowa. Zahra anaika udokotala pamwamba. Amalume atamva anati, "Zili bwino, wadzitsekera yekha chitseko."

Mwezi watha mayina anatuluka. Mayi Gladys anabwera pa kabaza akukuwa akadali kumsewu kuti Zahra amutenga. Amene anavina kwambiri tsiku limenelo ndi amalume omwe aja. Anazungulira doko lonse akuti, "Nzeru zimenezi n'za kwathu, kuchimake." Panopa akumutchula kale kuti Dokotala, ndipo amuonetsa bondo lawo kawiri.

Sabata isanathe ankhoswe a mwamuna uja anafika. Sanakwiye ayi. Anangofunsa kuti, "Nanga nyumba ija tiziyanikamo nsomba?" Amalume anakanda mutu, kuyang'ana uku ndi uku, ndipo maso awo anagwera pa ine ndikubwera ndi tiyi. Anati, "Pakhomo pano ana aakazi alipo awiri."

Anandikhazika pamkeka pamaso pa akuluakulu onse n'kundifunsa ngati ndikuwafuna a Abdulkarim. Ndinazyolika, chala cha kuphazi chikulembalemba pamchenga. Ndimatero ngakhale mlendo akandifunsa njira. Koma kwathu kuno mtsikana akazyolika osayankha, ndiye kuti walola. Azakhali anaimba nthungululu pomwepo. Mayi anati, "Alhamdulillah, ana anga onse awiri asankhidwa chaka chimodzi."

Mwamunayo ali pa chilumba cha Mbenji, komwe akazi saloledwa kuponda, ndiye sindingapite kukaonana naye. Atamuimbira foni kuti mkazi wasintha, akuti anayankha kuti, "Wosayankhula uja? Ndiye bwino kuposa woyamba." Nikah, ukwati wa Chisilamu, aika mu Disembala, chilumba chikatsekedwa asodzi n'kubwerera kumtunda.

Ine sindikuwafuna. Sikuti ndi munthu woipa, koma zaka zonsezi akhala akunditchula kuti mlamu, ndipo ndikukayika ngati dzina langa amalidziwa. Zahra anawerenga, analembetsa, anadikira. Ine sindinalembetse kulikonse koma ndasankhidwa.

Chondiopsa kwambiri ndi ichi. Zahra wandiuza akulira kuti, "Achemwali, mukakana abwerera kwa ine. Bola ndisiye malo aja ndikwatiwe ndine, mlanduwu si wanu." Ndikakana, mwina ataya malo amene tinavutikira tonse. Ndikakhala chete, mu Disembala ndilowa m'nyumba yobiriwira. Ndichite chiyani?

H.S., Salima

Mwana wanga H.S.,

Choyamba umuyamikire Zahra m'malo mwanga. Chachiwiri uwapepese amalume ako, chifukwa kubetcha kwawo kwawathera moipa, ndipo tsopano akufuna kulipira ndi iwe.

Tiyeni tione bwino zimene analonjeza. Anati a yunivesite akamusiya, mkazi ndi wawo. Kodi amusiya? Ayi. Ndiye lonjezo linafera pomwepo, tsiku limene Mayi Gladys anatsika pa kabaza. Dzina lako silinalimo. Ngati a Abdulkarim anagula bedi asanamve zotsatira, limenelo ndi phunziro lawo, agonepo okha aganizire.

Umuuze Zahra lero lomwe kuti alongedze katundu wake. Malo amenewo pali ana ambiri amene anawalirira osawapeza, ndipo akawasiya sadzamudikira. Kukwatiwa kwako sikumene kwamutsegulira chitseko, ndipo kukana kwako sikungamutsekere. Musamapikisane kuti adzipereke ndani. Palibe mbuzi yansembe imene ikufunika pano.

Tsopano iweyo. Sindikuuza kuti usinthe khalidwe, ukhale wolongolola. Ndikungofuna mawu amodzi okha: "Sindikufuna." Uyambe kuwanena wekha pa thandala, usipa sudzakuseka. Ukazolowera, uwauze mayi ako muli awiriwiri, popanda mkeka ndi maso a anthu. Pakamwa pakakanika, uwapatse tsamba lino Zahra awawerengere. Munthu wolemba kalata yomveka chonchi si wosowa mawu, wangosowa pomunenera.

Kenako upemphe Mayi Gladys kapena mayi wina wamkulu amene umamukhulupirira akuperekeze kwa shehe amene adzamangitse nikah. Sheheyo umuuze wekha kuti kuzyolika kuja kunali manyazi, sikunali kulola. Chipembedzo chako sichilola kuti mkazi akwatiwe iye atakana, ndipo malamulo a dziko lino nawonso salola. Shehe ndi amene angakhale pansi ndi amalume ako popanda iwo kuchita manyazi padoko. Ngati panali mphatso zimene analandira, azibweze mwaulemu kudzera kwa ankhoswe omwe aja.

Za Mbenji usadandaule. Akazi saponda pachilumbapo, koma foni imafika, si inafika pokauza mwamunayo kuti mkazi wasintha? Ifikenso pomuuza kuti wosayankhula uja wayankhula. Akapitiriza kukukakamiza, kapena akayamba kumuopseza Zahra, pita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kapena ku polisi. Kutero si kuchitira mwano akuluakulu.

Koma ndikuchenjeze. Usathawe pakhomo, ndipo usadikire Disembala. Mpunga wa ukwati ukagulidwa, abale ataitanidwa, kukana kumalemera kuposa lero, ndipo adzakuuza kuti, "Bwanji sunanene kale?" Adzakukhazikanso pamkeka, zimenezo usakayike, ndipo adzakufunsanso funso lomwe lija. Chala chako cha kuphazi chinakuyankhira kamodzi, waona pomwe chakufikitsa. Ulendo uno uvale nsapato, uyankhe ndi pakamwa.

Aphungu