Mlendo Ndiye Anandikhula Msana

Gelsenkirchen, Okutobala

Wokondedwa mng'ono wanga Nazife,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu. Bondo lija likutani masiku ano? Nanga alamu anga a Cemil, shuga wawo watsika, kapena akadali kubisa maswiti m'thumba la jekete? Kuno ana ali bwino ndipo adzukulu akukula. Za ine ndikuuza m'munsimu, koma uyambe wakhala pansi.

Ndikudziwa kuti wakwiya. Mwana wako Esma wakuonetsa zithunzi za pafoni, ife tili m'mbali mwa nyanja ku Alanya, m'dziko lathu lomwelo, osabwera kudzakuona ku Simav. Kwiya ndithu, nanenso ndinakwiya. Ndinamuuza mwana wanga Tuncay kuti angondikweza basi ndekha, ndikagone kwanu ndibwerere. Akuti ayi amayi, tchuthi ndi chachifupi, ndipo hotela talipira kale zonse ndi chakudya chomwe. Anatimanga timalamba tapulasitiki pamkono ngati odwala a m'chipatala, kuti tizidya osafunsidwa. Ndinadya nsomba zawozo mtima uli kwa iwe.

Sindinakuimbire chifukwa makoma a nyumba ino ndi opyapyala, komanso nkhani ili panoyi pakamwa panga siituluka. Nazife, ndili ndi chotupa m'bere lakumanzere. Ndinachimva m'nyengo yozizira yapitayi, cholimba, kukula kwake ngati dzira la njiwa. Sindinauze munthu. Ndikanauza ndani? Tuncay ndi mwamuna, ndiponso ndi mwana amene anayamwa bere lomwelo. Mkazi wake Derya ndi mwana wabwino, sindinama, koma anabadwira kuno, ndipo ine ndi iye timakambirana za buledi ndi nthawi yokatenga ana kusukulu basi.

Iwe ukudziwa mmene zinthu zotere zimadziwikira kwathu. Sizinenedwa. Zimapezeka ku hamam, nyumba yosambiramo ya nthunzi ija, tsiku losamba akazi, ndi dzanja la munthu wa m'nyumba mwako pamene akukukhula. Ndi mmene ndinachipezera cha apongozi anga, mayi a malemu mwamuna wanga Rifat, mkazi wa lilime ngati lumo uja. Zaka zonse zija ndinkawakhula msana iwo akunditukwana kuti manja anga ndi aulesi. Tsiku lina dzanja langa linaima. Anandiyang'ana nkunena kuti, wachimva eti, ndiye ukamuuze mwamuna wako. Zinathera pomwepo. Ndinawadwazika, ndipo atamwalira ndinawasambitsa ndine, chifukwa thupi lawo ndinkalidziwa kuposa langa. Sindinawakonde, iwonso sanandikonde, koma mlendo sanawagwire.

Ndiye Derya atabwera ndi nkhani yoti watilembetsa tsiku lonse ku hamam ya pahotela, ife awiri tokha, mtima wanga unadumpha. Ndinati Mulungu wandimvera, lero mpongozi wanga andikhula, achipeza yekha, ine sindinena kanthu. Ndinali nditanyamula kese yanga ija yakuda yokhulira thupi, yokhakhala bwino, imene imandikwana kudzanja, ndi sopo wa mafuta a azitona amene unanditumizira. Ndinadzuka m'mamawa nkuzikulunga mu nsalu yanga yosambira.

Hamam yakeyo ukanaiona ukanaseka. Ili pansi pa hotela, pafupi ndi poimika magalimoto. Mulibe phokoso, mulibe ana olira, mulibe wobwera ndi poto wa mpunga wokulunga m'masamba a mphesa. Ngakhale miseche mulibe, ndiye udzifunse kuti anthu amapitako kukatani. Muli kanyimbo ka chitoliro kochokera kudenga ndi makandulo oyaka masana. Mtsikana wa pakhomo anatipatsa madzi akumwa oviikamo nkhaka, nkhaka yoti munthu adye. Ataona kalamba kanga kapulasitiki ka pamkono kaja anandilankhula m'Chijeremani. Ndinamufunsa kuti kwanu nkuti mwana iwe, akuti ku Konya. Ndati nanga ine ndi mpango uwu ukundiona ngati wa ku Berlin? Derya anandikoka mkono kuti tizipita.

Mwala wapakati wogonapo unali wotentha bwino, pamenepo sindiwanamizira. Nthunzi inandilowa mpaka m'mafupa, chinyezi cha zaka zonse za kuno chinayamba kutuluka. Tinagona pamwalapo moyandikana, ine ndi nsalu yanga, iye ndi zovala zosambirira m'nyanja. Thukuta litatuluka ndinatenga kese nkumupatsa. Ndinati mwana wanga, tandikhula msana, ukatha ine ndikukhula iwe.

Anaseka, osati mwachipongwe ayi. Amvekere, amayi bisani chimenecho mutichititsa manyazi, pali anthu ake a ntchito imeneyo. Ndati sindikufuna anthu ake, ndikufuna iwe. Akuti lero ndi tsiku lanu lopuma, inenso langa lopuma, palibe wogwira ntchito pakati pathu. Ndinabwerezanso, ndi mawu amene sindinapemphepo nawo munthu chibadwire. Iwe ukundidziwa, ine kupempha sinditha. Anandigunda paphewa ndi nsonga za zala, ngati woyesa ayironi ngati yatentha, nkunena kuti amayi inu mwazolowera kuvutika, lolani akusamaleni. Kenako antchito anamuitanira kuchipinda china kukamutikita ndi mafuta, ndipo anapita.

Ine anandigwira mayi wina wa ku Urfa, dzina lake Zeliha, wonenepa, wa manja akuluakulu. Ataona kese yanga anaseka, amvekere azakhali, iyi ndiye yeniyeni, zathuzi nzosekererera alendo. Anavula yake nkuvala yanga. Ndikuuze zoona ngakhale zikundiwawa, mayiyo ntchito amaidziwa. Litsiro linatuluka mipukutu mipukutu. Anandifunsa kuti kodi ku Jeremani kulibe madzi? Ndati madzi aliko, kulibe manja. Akuti ndiye mwabwera nalo lonse kuti mulisiye kwanu, mwachita bwino. Anandikhula msana wonse, anandikanya mapewa mpaka mfundo zonse zinamasuka, anandithira madzi ofunda mbale ndi mbale. Thupi langa lopusali linasangalala, Nazife, ndipo ichi sindikulikhululukira. Mtima unali ukulira, thupi likuti pitirizani pomwepo.

Atanditembenuza chagada, dzanja lake linafika pamalo paja nkuima. Linabwereranso pang'onopang'ono. Nthabwala zinatha. Anafunsa motsitsa mawu kuti azakhali, mwana wanu uja akudziwa? Ndati si mwana wanga, ndi mpongozi. Akuti mpongoziyo ndiye woyenera kudziwa. Ndati ndinamupatsa kese, wakana. Anandikwirira ndi thovu, ananditsuka tsitsi mofatsa, ndipo potuluka anandigwira chigongono kuti ndisaterereke. Tili pakhomo anati mundikhululukire azakhali, ine sindingakhale nacho chete.

Anakamuuza Derya kuchipinda chopumira, kumene akazi amagona pamipando yaitali atapakidwa dothi kumaso. Tangoganiza. Nkhani ya moyo wanga ikunenedwa ndi munthu amene ndamudziwa m'mawa womwewo, kwa mpongozi wa nkhope yobiriwira ndi dothi, ine mwini wake nditaima pambali m'thawulo la hotela. Akazi ena achilendo anatsegula maso kutiyang'ana, kenako anatsekanso.

Usamuweruze molakwa Derya. Sanachedwe. Anatenga foni pomwepo, dothi lili kumaso, anaimbira dokotala kuno, anakangana nawo m'Chijeremani mpaka anandipezera tsiku. Misozi inatsika nkulemba mizere m'dothimo. Anandifunsa kuti bwanji simunanene amayi, miyezi yonseyi. Ndati ndinanena, pamwala paja. Sanamve chimene ndimatanthauza, ndipo mpaka lero sanachimve. Ndinadikira kuti mwina ati tandionetsani, mwina aikepo dzanja. Anandibweretsera tiyi, nandifunsa ngati ndikufuna shuga.

Tuncay atamva anatuluka pakhonde kukasuta, anakhalako nthawi yaitali, anabwera maso ali ofiira. Masiku otsalawo onse awiri anandichitira ulemu waukulu, kundikokera mpando, kundinyamulira mbale. Ndinatchulanso za basi ya ku Simav. Akuti tsopano ndiye ayi ndithu, ulendo wautali ungakutopetseni.

Tabwerera kuno ndipo mvula yayamba. Chikepe cha m'nyumba yathu chawonongekanso, ndiye ndimakwera masitepe ndikupumira pansanja iliyonse. Mayi wa nyumba yapansi wakadandaula kuti tsabola amene ndinayanika pakhonde akuipitsa maonekedwe a nyumba, moti ndamuchotsa. Mdzukulu wako Melis wayamba sukulu, ndikamufunsa m'chilankhulo chathu amandiyankha m'Chijeremani, koma msuzi wanga amamwa mbale ziwiri.

Dokotala wandiona. Ndi khansa, ndipo yayenda mpaka kukhwapa. Akuti adula bere lonse mwezi wamawa, kenako andipatsa mankhwala aja othothola tsitsi. Womasulira ndi Derya, ndipo ndimaona kuti mawu a dokotala amakhala ambiri koma ofika kwa ine ndi ochepa. Sindifunsa. Wakonza kale kuti ndikatuluka m'chipatala nesi azibwera m'mawa uliwonse kudzandisambitsa. Anandiuza mokondwa, chifukwa anavutika kuti zitheke. Ndati zikomo mwana wanga.

Tsiku lina ndinamufunsa Tuncay mosapita m'mbali kuti ndikafa zidzayenda bwanji. Anayamba wakalipa kuti musamalankhule choncho. Kenako anati musadandaule amayi, bungwe la kumzikiti lija timaperekako chaka ndi chaka limachita zonse. Ali ndi akazi awo ophunzitsidwa, amasambitsa, amakulunga, amakweza ndege, mumafika ku Simav bokosi lili lokhomedwa, nkukuikani pafupi ndi bambo. Ankaganiza kuti akunditonthoza. Chilichonse kuno chili ndi anthu ake, Nazife. Munthu ungathe kudwala mpaka kufa wa m'nyumba mwako asanakukhudze, ndipo palibe amene walakwa. Chimene chikundiwawa ndi chimenecho, kuti ndilibe ngakhale womukwiyira.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikudziwa kuti lidzakhala liti, mwina ndikhala zaka, mwini wake ndi Mulungu. Koma bokosilo likadzafika, usadzalole kuti alipititse kumanda molunjika. Adzakuuza kuti anasambitsidwa kale, kuti kamodzi nkokwanira, ndipo adzakhala akunena zoona. A imamu adzafulumira, Tuncay adzakhala akuyang'ana wotchi chifukwa cha ndege yobwerera. Iwe udzaime pakhomo mmene umaimira ukakwiya muja. Amuna uwatulutse, utsegule, undisambitsenso ndiwe. Madzi akhale ofunda, ukudziwa kuti ine ndi madzi ozizira sitimvana. Bondo likadzakana, udzakhale pampando, Esma akhale manja ako, iwe uzimuuza pogwira.

Derya akadzabwera nawo, udzamuitane alowe. Usadzamukalipire. Udzamupatse mbale azithira madzi. Akadzakana umusiye, ine ndinayesa kale.

Za berelo ndakuuziratu kuti usadzadzidzimuke povundukula nsalu. Udzapeza chipsera pamene linali, mwinanso mutu wopanda tsitsi. Ndidzakhala ine ndemwe, usadzaope.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Cemil, kwa Esma ndi mwamuna wake, ndi kwa achimwene athu a Hulusi. Iwowo usawauze kaye, mtima wawo ndi wofooka. Akuluakulu onse ndapsompsona manja awo, ana ndawapsompsona m'maso. Ukapita kumanda umuuze Rifat kuti asatambasuke kwambiri monga ankachitira pabedi, andisiyire malo.

Undiyankhe msanga, tsiku la opaleshoni lisanafike. Mawu amodzi akwana. Ndikufuna ndikagone patebulo lawolo ndikudziwa kuti manja omaliza kundigwira adzakhala ako.

Ndine mkulu wako,
Saniye